Akazitape a tiyi ndi mafayilo

Sewero la Tinker Tailor Soldier Spy, limene BBC inaonetsa pa TV mu 1979, limayamba popanda woyankhula. Timangoona chipinda chochitira misonkhano, tebulo ndi mipando. Amalowa bambo wina wotchena bwino n'kuyala mapepala ake mwaudongo. Amalowa wachiwiri, ndudu ili kukamwa, akutsokomola. Wachitatu, amene kayendedwe kake kakusonyezeratu kuti ndiye bwana, amakhala pansi n'kuyamba kukonza kaliwo wake. Womaliza amabwera mochedwa atanyamula kapu ya tiyi yovindikira ndi sosa, n'kukankha chitseko ndi phazi. Chitsekocho sichitsekeka, ndipo woyamba uja amadzuka n'kukachitseka. Mmodzi mwa amuna anayiwa wakhala akutumiza zinsinsi za dziko lake ku Moscow kwa zaka zambirimbiri, ndipo atatu enawo amamwa naye tiyi tsiku ndi tsiku.

Anzanga ambiri amene ndinawaonetsa sewero limeneli anagonja gawo loyamba lisanathe, ndipo sindiwaimba mlandu. Ife tinakulira mafilimu a Bond ndi Bourne, mmene kazitape amadumpha pamadenga, magalimoto akuphulika kumbuyo kwake. Muno kazitape ndi mdala wa magalasi aakulu amene mkazi wake amayenda ndi amuna ena, ndipo ntchito yake ndi kuwerenga mafayilo akale komanso kuchezera anthu amene anachotsedwa ntchito. Zithunzi zake n'zofiirira ngati tiyi wogonetsa. Komabe papita zaka zoposa 40 ndipo anthu akulionerabe, ena mobwerezabwereza, ine ndili m'gulu lomwelo. Ndikuganiza kuti masewero akale a akazitape a ku Britain sanafe chifukwa ukazitape ndi chovala chabe. Mkati mwake muli nkhani ya pantchito, ya anthu a maofesi oyandikana, ndi ya zimene zimachitika zikadziwika kuti munthu amene onse amamukonda ndiye wakhala akuwagulitsa.

Ndikuchenjezeni kuti ndiulula mathero. Buku la John le Carré limene seweroli linachokera linatuluka mu 1974, ndiye wokwiya akwiyire kuchedwa kwake. Nkhani yake ikuchitika m'nthawi ya Cold War, pamene America ndi anzake ankaopsezana ndi Soviet Union popanda kumenyana poyera. Bungwe la akazitape a Britain ogwira ntchito kunja, limene m'seweroli amalitcha Circus chifukwa maofesi ake ali pa Cambridge Circus mu London, lili ndi mkulu wodwaladwala amene amangodziwika kuti Control. Iye akukayikira kuti mmodzi mwa akuluakulu ake ndi wa ku Moscow. Amatumiza Jim Prideaux ku Czechoslovakia kuti akamve dzina la munthuyo kwa mkulu wina wa asilikali, koma Prideaux amakagwera mumsampha, amawomberedwa kumsana n'kugwidwa. Control amachotsedwa pampando n'kumwalira, ndipo munthu wake wokhulupirika, George Smiley, amamupumitsa ntchito. Patapita nthawi, kazitape wina wamng'ono, Ricki Tarr, amatulukira ndi nkhani imene anamva ku Lisbon kwa mayi wa ku Russia dzina lake Irina, yosonyeza kuti Control sankalota. Boma limaitana Smiley mwakachetechete kuti afufuze anzake akale, iye ali kunja kwa mpanda.

Le Carré ndiye anatchukitsa chizolowezi chotcha kazitape wotereyu dzina la kanyama kokumba pansi. Kwa ife n'zosavuta kumva, ndi mfuko. Aliyense amene analimapo mbatata kapena chinangwa akudziwa kuti mfuko siioneka. Pamwamba masamba ali biriwiri, mlimi akunyadira munda wake, koma tsiku lokumba amapeza kuti pansi palibe kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti mfuko ya m'seweroli sinalowe m'munda usiku. Inabadwira momwemo, inakulira momwemo, ndipo ndi imene inkalangiza mlimi za katetezedwe ka mbatata.

Alec Guinness anali ndi zaka 65 pamene seweroli linkaonetsedwa, ndipo ana a nthawiyo ankamudziwa ngati Obi-Wan Kenobi wa mu Star Wars. Pokonzekera kukhala Smiley, le Carré anamukumanitsa ndi Maurice Oldfield, amene anakhalapo mkulu wa MI6, kuti aone mmene anthu otere amakhalira. Chimene Guinness anabweretsa pa TV ndi luso la kumvetsera. Smiley amafunsa funso lalifupi n'kukhala duu. Amavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Winayo amayamba kusowa mtendere ndi batalo, mapeto ake amayankhula zimene sanafune kuyankhula. Kamera siithawa. Imakhala pankhope ya Guinness kwa nthawi yaitali moti wojambula wa masiku ano angaope kuti oonera asintha tchanelo. Nkhopeyo imaoneka ngati ya mdala amene akusinza pa ulaliki, koma magalasi akabwerera pamphuno n'kukuyang'ana, umadziwa kuti palibe chimene chamudutsa.

Ife ophunzira za mabuku ndi mbiri yakale amatiuza tsiku lililonse kuti tiziwerenga zimene wolemba wasiya osanena, ndipo Smiley ndi katswiri wa zimenezi. Umboni wake ndi tinthu ting'onoting'ono. M'buku limene olondera ofesi usiku amalembamo mauthenga obwera, masamba a usiku wina achekedwa. Usiku umene Prideaux anawomberedwa, wolondera ofesi anaimba foni kunyumba kwa Smiley, anayankha ndi mkazi wake Ann, ndipo pasanapite nthawi yaitali Bill Haydon anafika kuofesi akudziwa kale nkhaniyo. Anaimvera kuti? Chochitika chimene chimandiimitsa mtima kwambiri m'magawo 7 onsewo ndi pamene Peter Guillam, mnyamata wa Smiley, akuba fayilo m'chipinda chosungira mafayilo cha kuntchito kwake komwe. Palibe mfuti. Pali chikwama, shelefu, ndi anzake a tsiku ndi tsiku amene akumupatsa moni.

Oonera oyamba sanali ngati ife amene timamaliza magawo onse usiku umodzi pa laputopu. Ku Britain kunali matchanelo atatu okha, ndipo m'masabata amene seweroli linkaonetsedwa ITV inali itatsekedwa chifukwa cha sitalaka ya antchito ake. Anthu ankaonera gawo limodzi n'kudikira sabata yathunthu, akukangana kuntchito ndi m'mabala za amene ali mfuko, ambiri akudandaula kuti sakumva chimene chikuchitika koma osasiya kuonera. Kuno kwathu nthawi imeneyo kunalibe TV ya dziko, inadzayamba mu 1999, choncho masewerowa sitinatengere kwa makolo. Tikuwapeza tokha, mochedwa, ndipo mwina n'chifukwa chake timaonamo zina zimene eni ake sankaziona.

Seweroli litangotha, mu November 1979, nduna yaikulu Margaret Thatcher anaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kuulula kuti Sir Anthony Blunt, katswiri wa zojambulajambula amene kwa zaka zambiri ankayang'anira zithunzi za Mfumukazi, anali kazitape wa Soviet Union. Blunt anali atavomera kale mlanduwo mu 1964, mobisa, atalonjezedwa kuti sadzazengedwa, ndipo anapitiriza ntchito yake ya kunyumba yachifumu. Iye anali mmodzi mwa anyamata a pa yunivesite ya Cambridge amene a Soviet anawakopa m'zaka za m'ma 1930. Guy Burgess ndi Donald Maclean anathawira ku Moscow mu 1951. Woopsa kwambiri, Kim Philby, anakwera mpaka kukhala mkulu wa nthambi ya MI6 yolimbana ndi akazitape a Soviet, ndiye kuti fisi anapatsidwa ntchito yolondera khola. Mu 1945, mkulu wina wa akazitape a Soviet ku Istanbul, Konstantin Volkov, anafuna kuthawira kwa a Britain n'kuwauza za akazitape amene anali pakati pawo. Nkhaniyo inafika pa desiki ya Philby. Pamene Philby ankafika ku Istanbul, Volkov anali atatengedwa kale kupita ku Moscow, ndipo sanabwererenso.

Anthu ankamukayikira Philby Burgess ndi Maclean atangothawa, koma mu 1955 Harold Macmillan, amene anali nduna yoona za maiko akunja, anauza Nyumba ya Malamulo kuti palibe chifukwa choganizira kuti Philby anapereka dziko lake. Philby anaitana atolankhani m'nyumba ya mayi ake n'kukana zonse akumwetulira. Anathawa mu 1963 kuchokera ku Beirut ndipo anamwalira ku Moscow mu 1988. Funso n'lakuti anakhalitsa bwanji chonchi? Yankho limene le Carré, amenenso anagwirapo ntchito ku MI5 ndi MI6, anaika m'nkhani yake ndi lakuti munthuyo anali wawo. Anaphunzira sukulu zawo, ankayankhula ngati iwo, ankamwa nawo m'makalabu awo. Kumukayikira kunali kudzikayikira okha.

Bill Haydon, amene Ian Richardson amamusewera, ndi Philby wa m'seweroli, ndipo ndi uja anabwera mochedwa ndi kapu ya tiyi. Ndi wanthabwala, wojambula zithunzi, wokongola, wokondedwa ndi akazi ndi amuna omwe. Achinyamata a ku Circus amatengera kayankhulidwe kake. Akalowa m'chipinda, nawe woonera umasangalala kuti wabwera, chifukwa ena onse ndi otopetsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mwambiwu umanena za mkuyu umene sunaung'ambe. Haydon anthu anali atamuona mkati kambirimbiri. Ankadziwa kuti ndi wosakhulupirika kwa akazi, kuti amanyoza aliyense, kuti amadana ndi America. Ankangoti ndi mmene alili Bill.

Mbali imene ndimaikonda kwambiri ndi ya mmene mfuko inadzitetezera, chifukwa aliyense amene anakhalapo m'komiti, kaya ya kutchalitchi kaya ya ophunzira, aizindikira. Karla, mkulu wa akazitape ku Moscow, anakonza zoti a Circus apeze munthu wawo wachinsinsi mkati mwa boma la Soviet, womutcha Merlin, amene ankawapatsa zikalata zooneka zamtengo wapatali. Ntchitoyi anaipatsa dzina lakuti Witchcraft, kutanthauza ufiti. Zikalatazo zinasangalatsa nduna, zinakweza Percy Alleline kukhala mkulu wa Circus, zinapatsa Roy Bland ndi Toby Esterhase mipando yapamwamba. Kuti Merlin asagwidwe kwawo, akuluakuluwa ankakumana ndi kazembe wina wa Soviet mu London, Polyakov, n'kumamupatsa tizinsinsi topanda ntchito kuti mabwana ake aziona ngati iye ndiye ali ndi kazitape mu Circus. Atatuwo ankaperekadi madeya. Haydon ankapereka ufa weniweni, kudzera pakhomo lomwelo limene anzake ankalilondera ndi mtima wonse. Choncho aliyense wokayikira Merlin ankaoneka wansanje, ndipo anthu atatu osalakwa ankateteza wolakwayo chifukwa udindo wawo, malipiro awo ndi ulemu wawo zinali zitamangidwa pa bodza lakelo. Sanafunike kuwagula. Anangowapatsa chinthu choti aziopa kutaya.

Ndipo Haydon sanapereke dziko lokha. Anagona ndi Ann, mkazi wa Smiley, mwadala komanso moti anthu adziwe, chifukwa Karla anawerengera kuti Smiley akadzayamba kumukayikira, adzadzifunsa ngati si nsanje imene ikumuyankhulitsa. Jim Prideaux anali mnzake wapamtima kuyambira ku Oxford, ndipo seweroli limasonyeza kuti chikondi chawo chinapitirira ubwenzi wamba. Haydon anamulola kupita ku Czechoslovakia akudziwa chimene chinkamudikira. Atagwidwa, Smiley amapita kukamuona kumene akumusunga, ndipo Haydon amayesa kufotokoza zifukwa zake: Britain yatha ntchito, America ndi yonyansa, mbiri ya dziko ikulowera kum'mawa. Amayankhula maso ali ofiira ndi misozi, koma mawu ake ndi opepuka. Woonera wadikira masabata 7 kuti amve chifukwa chachikulu, ndipo amapeza munthu wodzikonda amene ankafuna kukhala wofunika. Prideaux, amene tsopano akuphunzitsa ana pa kasukulu kena n'kumagona m'kalavani, msana uli wopindika, amalowa pamalopo usiku n'kumupha.

Wina angati nkhani imodzi yabwino siikwanira kufotokoza mtundu wonse wa masewero. Pali lina, losatchuka kwenikweni, limene kwa ine limaluma kuposa la le Carré. The Sandbaggers linaonetsedwa pa ITV kuyambira 1978 mpaka 1980, magawo 20. Analemba ndi Ian Mackintosh, amene anali msilikali wa pamadzi. Neil Burnside, womusewera Roy Marsden, ndi mkulu woyang'anira ntchito za kunja, ndipo ali ndi akazitape apadera osapitirira atatu. Atatu basi, dziko lonse la Britain. Theka la sewero lililonse ndi Burnside akuyenda m'makonde, kuchoka kwa wachiwiri kwa bwana kupita kwa bwana, kuchoka kumeneko kupita ku unduna wa za maiko akunja kumene kuli apongozi ake akale, kupempha chilolezo, kukanidwa, kunama, kukangana za bajeti ndi za tikiti ya ndege. Samwa mowa, amamwa Coca-Cola. Ndalama zojambulira zinali zochepa moti malo ambiri amene amati ndi kunja anajambulidwa ku Leeds ndi madera oyandikana nawo, ndipo zimaoneka. Ukazolowera umaiwala, chifukwa chimene chikukugwira ndi mawu.

Kumapeto kwa chigawo choyamba, kazitape wake wamkazi, Laura Dickens, amene Burnside wayamba kumukonda, amagwidwa ku East Germany. Kuti amuwombole afunika mkaidi woti asinthane naye, ndipo amene ali naye ndi a France. Iwo amavomera, koma mtengo wake ndi wakuti Britain iziwapatsa zinsinsi zimene imalandira kwa CIA, chinthu chimene chingaphe ubale wa Britain ndi America. Burnside amasaina. Kenako amakonza zoti Laura awomberedwe pamalo osinthanirana ku Berlin, kuti pangano lija life nalo. Palibe womukakamiza ndi mfuti. Wangowerengera, n'kuona kuti ubale wa maofesi awiri ndi wolemera kuposa munthu mmodzi. Mackintosh mwiniwake anasowa mu July 1979, kandege kamene anakwera katazimirira panyanja kufupi ndi Alaska, ndipo sanapezeke. Magawo otsala anamalizitsa ndi olemba ena, ndipo seweroli linathera panjira, kazitape wamkulu wa Burnside, Willie Caine, atawomberedwa ku Malta, osadziwika ngati anachira.

Callan, la zaka za 1967 mpaka 1972, limaonetsa nkhani yomweyi kuchokera pansi. Edward Woodward amasewera munthu wa m'banja losauka, msilikali wakale amene anakhalapo m'ndende, amene boma limamugwiritsa ntchito yopha anthu chifukwa ndi imene amaidziwa. Bwana wake, aliyense amene ali pampandopo, amatchedwa Hunter, ndipo dzina la munthu likalowa mu fayilo yofiira ndiye kuti kwake kwatha. Callan amadziwa kuti tsiku lina fayilo yofiirayo idzakhala yake. Mnzake yekhayo ndi kambava kamantha kotchedwa Lonely, kamene kamanunkha kakachita mantha, ndipo Callan amakanyoza, kukaopseza, koma salola wina aliyense kukakhudza. Mabwana a sukulu zapamwamba amasaina mapepala, magazi amagwera m'manja mwa mwana wa amphawi. Zaka zomwezo kunalinso The Avengers, ya John Steed wa chipewa ndi ambulera, ndi The Prisoner ya Patrick McGoohan, ya kazitape amene wasiya ntchito n'kudzuka ali m'mudzi wokongola umene sangatulukemo. Ndi osangalatsa, ali ndi owakonda ambiri, koma amenewo ndi maloto. Amene ndimabwererako ine ndi a m'maofesi aja.

Pali chimene chimandivuta, ndipo sindingachibise. Masewerowa ndi maliro a ufumu wa Britain. M'zaka za m'ma 1970 dziko limene linkalamulira gawo lalikulu la dziko lapansi linali litafika popita ku IMF kukakongola ndalama mu 1976, ndipo m'nyengo yozizira ya 1978 mpaka 1979 zinyalala zinaunjikana m'misewu ya London chifukwa cha masitalaka. Makoma akuda, zikepe zokwerera m'mwamba zolira, ma ofesi opanikizana, zonsezi n'zoona za nthawiyo. Pali pamene Smiley amapita ku Oxford kukaona Connie Sachs, mayi amene ankasunga m'mutu mwake mbiri ya kazitape aliyense wa Soviet, amene anachotsedwa ntchito chifukwa anakayikira Polyakov. Beryl Reid amamusewera ali chidakwa, zala zitapindika ndi nyamakazi, akuyang'ana zithunzi zakale za anyamata ake n'kuwalirira kuti analeredwa kuti adzalamulire maiko, koma pokula anapeza maikowo atapita. Ndi chochitika chokhudza mtima kwambiri, ndipo nthawi iliyonse chimandigwira pakhosi. Kenako ndimakumbuka kuti maiko akuwalirawo ndi ife. Nyasaland inachoka m'manja mwawo mu 1964, chaka chomwe Blunt ankavomera mlandu wake m'chipinda chotseka. Philby naye anabadwira ku India, bambo ake ali wantchito wa boma la atsamunda. Chimene Connie akuchitcha kulandidwa, agogo athu anachivinira.

Sindikuganiza kuti zimenezi zikuchotsa ubwino wa masewerowa. Le Carré sankawanyadira anthu amenewa, ankawang'amba. Koma kamera yake ili ndi malo amene imaima, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Prideaux atagwidwa, magulu a anthu a ku Czechoslovakia amene ankathandiza Britain anagwidwa n'kuphedwa. Sitiwaona nkhope. Timangomva m'chiganizo chimodzi, n'kubwerera ku chisoni cha amuna a ku Oxford. Irina, amene anaika moyo wake pachiswe kuti anene zoona, amatengedwa kupita ku Moscow monga anachitira Volkov, ndipo nkhani imapitirira. Akazi ena onse ndi olemba makalata, zibwenzi, kapena Ann, amene amatchulidwa m'gawo lililonse ngati bala la Smiley koma amaoneka kumapeto kwenikweni.

Chinanso n'chakuti masewerowa amatiika kumbali ya osunga mafayilo. Kwathu kuno anthu ambiri ukazitape anaudziwira kumbali inayo, ya olembedwa m'mafayilo. Agogo anga mpaka lero amatsitsa mawu akamakamba zina za nthawi ya chipani chimodzi, ngakhale m'nyumba muli ife tokhatokha. Jack Mapanje, wolemba ndakatulo komanso mphunzitsi wa pa yunivesite, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kuti munthu afike pamenepo, pamakhala wina amene anamvetsera, wina amene analemba, wina amene anasaina, ndipo n'kutheka kuti onsewo anali anthu aulemu, okonda tiyi, otopa ndi mabwana awo. Ndikamaona Smiley akumvetsera mwaluso lija, mbali ina ya mtima wanga imasirira, ina imazizidwa. Ku Britain komweko, boma silinkavomera poyera kuti MI6 ilipo mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo lamulo loiyendetsa linabwera mu 1994. Oonera a mu 1979 ankaonera sewero la bungwe limene mwalamulo kunalibe.

Masiku ano kuli Slow Horses, limene linayamba mu 2022, la akazitape olephera amene anatayidwa mu ofesi yonyansa. Bwana wawo amamusewera ndi Gary Oldman, yemwenso anali Smiley mu filimu ya Tinker Tailor ya 2011. Ndi mdzukulu weniweni wa masewero akale aja, ndipo mdani wamkulu amakhalabe wa kulikulu kwawo komwe. Ndimalikonda, koma limathamanga, limaseketsa, limaopa kuti ndingatope. Akale aja sankandinyengerera.

Chimene chimandichititsa kukhulupirira le Carré, ngakhale ndili ndi madandaulo onsewa, ndi zimene anachita naye Smiley pomaliza. Mu Tinker Tailor timaona kuti Smiley anakumanapo ndi Karla kamodzi, m'ndende ku Delhi, m'zaka za m'ma 1950. Anayesa kumunyengerera kuti athawire kwa a Britain, ndipo pofuna kumufika pamtima anayamba kukamba za mkazi wa Karla, osazindikira kuti akuulula za mkazi wake yemwe. Karla, amene Patrick Stewart amamusewera osayankhula liwu ndi limodzi lomwe, anangotenga laita ya Smiley, mphatso yochokera kwa Ann, n'kubwerera ku Moscow. Anali atadziwa pamene mdani wake ali pofewa.

Mu Smiley's People, la 1982, la magawo 6, Smiley wokalamba uja amatulukira kuti Karla nayenso ali ndi pofewa. Ali ndi mwana wamkazi wodwala matenda a maganizo, amene anamubisa m'chipatala china ku Switzerland pogwiritsa ntchito ndalama za boma lake mwachinyengo. Mabwana ake ku Moscow akadziwa, Karla aphedwa ndipo mwanayo atsala yekha. Smiley amamulembera kalata yomupatsa njira ziwiri. Munthu amene takhala tikumukonda chifukwa cha ulemu wake ndi chifundo chake wagwira mdani wake pa chinthu chimodzi chokha chabwino chimene mdaniyo anali nacho, chimodzimodzi mmene Karla anamugwirira iye pa Ann. Usiku wina wozizira, Karla amawoloka mlatho ku Berlin wapansi, ngati mdala wamba wopita kuntchito. Atafika pamene Smiley waima, amayang'anana, ndipo laita ija imagwera pansi pafupi ndi mapazi a Smiley. Smiley saitola. Guillam amamuuza kuti wapambana, ndipo iye amavomera monyinyirika, ngati munthu amene sanamve bwino funso.